Mjigo ukayamba kupuma: mmene komiti ya madzi ingadziwire ngati pansi pakadali madzi

Mwezi wa Okutobala kwathu kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mzere wa zigubu pamjigo umayamba nkhuku zisanatsike. Amayi amapopa, madzi amabwera pang'ono, kenako mjigo umangotulutsa mphepo yokhayokha. Amadikira, n'kupopanso. Dzuwa likamafika pamutu mkangano umakhala utabuka kale: ena akuti bomba (pampu ya pamjigo) yafa, ena akuti madzi aphwa pansi, ena akuti ndi ng'ombe za auje. Aliyense amalankhula motsimikiza, koma palibe amene wayeza kanthu.

Komiti yathu inagwamo m'mbuna imeneyi. Tinasonkhetsa ndalama khomo ndi khomo, tinaitana mmisiri, anasintha timipira tonse ndi silinda yomwe, kachitsulo ka pansi kokoka madzi, ndipo patangotha masiku atatu mjigo unayambiranso kupuma monga kale. Bomba inalibe mlandu. Madzi ndi amene anali atatsika mpaka pamene silinda inalekezera. Mpaka lero ndikakumana ndi agogo ena amene anagulitsa nkhuku yawo kuti apereke nawo ndalama ija, ndimayang'ana kumbali. Zimene ndikulemba pano ndi zimene tinaphunzira pambuyo pake, ndipo zambiri sizifuna ndalama. Zimafuna kope, chingwe, chigubu cha malita 20, ndi munthu wosatopa kulemba.

Yambani ndi kufunafuna pepala la mjigo wanu

Mjigo uliwonse wokumbidwa ndi makina uli ndi mbiri yake. Okumba amalemba kuti anafika mamita angati, madzi anawapeza pati, atakhazikika anaima pa mamita angati, ankatuluka ochuluka bwanji pa ola, ndipo silinda anaiika pati. Achipwitikizi amati relatório do furo. Pitani ku ofesi ya m'boma lanu (distrito) yoona za mapulani ndi zomangamanga, ija timangoti SDPI, mukapemphe kuti akukopereni manambala amenewa. Nthawi zina chaka ndi kuya kwake zimakhala zolembedwa pasimenti ya pamjigo pomwepo, zinangokwiririka ndi ndere. Pepala likasowa, funsani akuluakulu amene analipo tsiku lokumba. Amakumbukira kuti mapaipi analowa angati, ndipo mmisiri akhoza kukuwerengerani mamita ake.

Manambala a tsiku loyambawa ndiwo poyambira. Popanda iwo simungadziwe ngati madzi atsika kapena anali pomwepo chikumbireni.

Dziwaninso nthaka imene mwakhalapo. Kumtunda kuno, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, pansi pali thanthwe lolimba. Kulibe nyanja ya pansi monga ena amaganizira. Madzi amabisala m'miyala yofumbwa ya pamwamba pa thanthwelo ndi m'ming'alu yake, n'chifukwa chake mijigo iwiri yotalikirana ngati bwalo la mpira umodzi umatha kusefukira wina uli gwaa. Mwayi wathu ndi mvula, imene m'madera ambiri okwerawa imafika kapena kupitirira mamilimita 1,000 pachaka. Kumunsi, cha ku Moatize, Changara ndi Magoé, mvula ndi yochepa kwambiri, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo madzi a m'miyala ina ya kumeneko amatuluka amchere. Kumeneko madzi abwino amakonda kukhala mumchenga wa m'mitsinje monga Luenha ndi Revúbuè. Zambezi ndi damu la Cahora Bassa zili m'chigawo chathu chomwechi, koma mudzi wokhala kutali ndi mtsinje sumwa dzina la Zambezi. Umamwa zimene zili pansi pake.

Tsegulani kope, muyambe kuyeza

Apa ndiye pagona nkhani yonse, choncho ndichedwapo.

Ngati m'mudzi muli chitsime chotseguka, chokumba ndi manja, chimenecho ndicho diso lanu loonera pansi. Tengani chingwe cha nayiloni chosatamuka, mumange mfundo pa mita iliyonse, kunsonga mumangirire kabotolo koyera kokhala ndi timiyala. Pamlomo pa chitsime ikani chizindikiro cha penti, kuti aliyense woyeza aziyambira pomwepo. Tsitsani chingwe mpaka mumve kabotolo kakhudza madzi, werengani mfundo, zotsalazo muyeze ndi tepi ya telala. Yezani m'mamawa anthu asanatunge, chifukwa masana mumayeza ludzu la mudzi, osati madzi a pansi. Kamodzi pamwezi n'kokwanira, tsiku lomwelomwelo, koma kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa muziyeza sabata iliyonse.

Pamjigo wa bomba ya manja chingwe sichilowa pokhapokha mutu utatsegulidwa. Ndiye nthawi iliyonse mmisiri akatulutsa ndodo ndi mapaipi, musamulole kubwezera asanayeze pamene madzi aima. Taonaninso mapaipiwo: mbali imene imakhala m'madzi imasiyana mtundu ndi imene imakhala pouma. Masiku ena onse, bomba yomweyo ikhoza kukuuzani zambiri mukaifunsa bwino. Mijigo yambiri kuno ili ndi bomba ya mtundu wa Afridev, yomwenso ili ponseponse kutsidya ku Malawi, ndipo ili ndi mayeso awiri osavuta.

Oyamba ndi a kudontha. Popani mpaka madzi atuluke bwino, musiye kwa theka la ola, kenako muwerenge kuti mupopa kangati madzi asanatulukenso. Bomba yabwino siyenera kupitirira kasanu. Mukafika khumi kapena makumi awiri, madzi akuthawira pansi kudzera m'valavu ya kumunsi kapena paipi yong'ambika. Limeneli ndi vuto la bomba.

Achiwiri ndi a kuchuluka. Popani maulendo 40 athunthu, kukweza mpaka pamwamba ndi kutsitsa mpaka pansi, m'mphindi imodzi, madzi akugwera m'chigubu. Ayenera kufika cha m'ma malita 15 kapena kuposerapo pang'ono. Akachepa kwambiri m'mawa, madzi atagona usiku wonse, kawirikawiri ndi kampira ka pa pisitoni kamene kadyeka.

Tsono chinsinsi chimene ife sitinkachidziwa ndi ichi: chitani mayeso achiwiriwa kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo. Bomba yodwala imadwala tsiku lonse. Koma ngati m'mawa chigubu chikudzaza bwinobwino, pofika masana madzi n'kuyamba kubwera modukizaduka, osakanikirana ndi mpweya, nthawi zina ndi timchenga, ndipo mukaupumitsa ola limodzi n'kubwereranso, musavutitse mmisiri. Pansi ndi pamene pakulephera kubweza madzi mofulumira monga mukuwatungira. Lembani kuti mjigo unapuma nthawi yanji, munadikira mphindi zingati, ndipo utabwerera unadzaza zigubu zingati usanapumenso. Mphindi zodikirazi zikamachuluka chaka ndi chaka m'mwezi womwewo, mwapeza yankho limene palibe angakutsutseni pabwalo.

Musathamangire kuweruza ndi chaka chimodzi. Madzi a pansi amatsika chilimwe chilichonse n'kukweranso mvula ikakhazikika, ndipo amachedwa kukwera. Mvula ya Disembala imatha kuonekera m'chitsime mu Febuluwale. Chofunika kuyang'ana ndi malo awiri: pamene madzi afika pokwera kwambiri, cha mu Epulo, ndi pamene afika potsika kwambiri, cha mu Novembala. Ngati Epulo aliyense akubwerera pamene anali Epulo wapita, chitsime chanu chikudya zimene chakolola. Ngati Epulo aliyense akulekezera pansi pa mnzake ngakhale mvula inagwa bwino, mukudya mbewu. Zaka za chilala, monga 1992, 2016 ndi 2024, muziike chizindikiro pambali, chifukwa chilala chimodzi chimatha kutsitsa madzi kwa zaka ziwiri popanda wolakwa.

Mvula nayo ilembeni. Chitini choongoka m'mbali, choikidwa pamtunda kutali ndi denga ndi mitengo, ndi rula ya mwana wa sukulu, n'zokwanira. Aphunzitsi a pasukulu yapafupi akhoza kuipatsa ntchitoyi kalasi imodzi, ndipo ana saiwala monga timaiwalira akulufe.

Werengani pakamwa ponse pamene pakumwa

Pa mapulani a boma, mjigo umodzi wa bomba ya manja amauwerengera anthu pafupifupi 300, aliyense malita 20 patsiku. Pamodzi ndi malita 6,000, kapena kuti zigubu 300. Bomba yopopedwa osalekeza ikhoza kudzaza zimenezi m'maola asanu ndi awiri, koma kusinthana zigubu ndi kutsuka ndowa kumadya nthawi, ndiye tsiku limatha ndithu. Khalani pamjigo tsiku limodzi lathunthu, mosinthana, muwerenge zigubu ndi ndowa zonse, mulembenso kumene zikupita. Mudzadabwa. Ife tinkati ndife mabanja makumi asanu, koma m'chilimwe midzi iwiri yoyandikana, imene zitsime zake zinauma, inkabwera ndi ngolo ndi njinga.

Kenako werengani zimene sizifola pamzere. Ng'ombe imodzi pa nthawi yotentha imamwa malita 30 mpaka 40, kuposa munthu. Nazale za fodya zimathiriridwa m'mawa ndi madzulo m'miyezi yomweyo imene madzi ali pansi kwambiri. Oumba njerwa nawonso nyengo yawo ndi yomweyo. Koma chachikulu ndi madimba a injini ndi a mapanelo a dzuwa. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala ndi malita 10,000, ndipo mbatatesi kapena tomato m'nyengo yotentha amafuna pafupifupi mamilimita asanu patsiku. Hekitala imodzi yokha imamwa malita 50,000 patsiku, madzi a anthu 2,500. Sindikunena kuti ulimi wa m'dimba ndi woipa. Mbatatesi za ku Tsangano ndi Angónia ndizo zaphunzitsa ana ambiri ndi kufolera nyumba zamalata. Koma bomba ya dzuwa silipira mafuta, choncho mwini wake saona chifukwa choizimitsira, ndipo ngati ikukoka m'dambo lomwelo limene chitsime cha mudzi chimadalira, komiti iyenera kudziwa kuti zilipo zingati ndipo zinayamba liti. Lembani chaka chimene iliyonse inafika. Pambuyo pake mudzayerekeza ndi chingwe chija.

Yendani mtunda umene umadyetsa mjigo

Tengani anyakwawa ndi amayi angapo achikulire, mukwere kuchokera pamjigo kulowera kumtunda. Afunseni kumene kunali akasupe kale, dambo linkakhala lonyowa mpaka mwezi uti, mtsinje unkaleka kuyenda liti. Amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo n'kubwerera mtendere utabwera mu 1992 amakumbukira bwino mmene anapezera tchire litabwerera m'minda, ndi mmene lathera kuchokera nthawi imeneyo. Onani kumene kwatsegulidwa minda m'phiri, mauvuni a makala, mizere yotsata kutsetsereka m'malo mopingasa, zigwembe zatsopano, bulugamu wodzalidwa pamutu pa kasupe. Mvula ikagwa pamtunda wosalala imathamangira kumtsinje tsiku lomwelo. Imene imalowa pansi ndi imene yachedwetsedwa ndi udzu, masamba, akalozera ndi vetiva. M'madera a kumunsi onaninso amene akukumba mchenga mumtsinje wouma n'kumakweza pa lole: mchenga umenewo ndiwo nkhokwe ya madzi a m'chilimwe.

Lawani, nunkhizani, kenako mukayezetse

Madzi ochuluka koma osamweka ndi chimodzimodzi mjigo wouma. Amayi ndi amene amayamba kudziwa: sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, tiyi amasintha kukoma, ndowa imachita dzimbiri lofiira. Zimenezi zilembedwe, makamaka ngati mchere ukuwonjezeka chilimwe chikamakula. Ana ambiri obadwira m'mudzi akakhala ndi mano a mathothomathotho ofiirira, pemphani kuti madzi ayezedwe mchere uja amati fluoride. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linaika malire a mamiligalamu 1.5 pa lita. Ngati kumtunda kwanu kuli okumba golide kapena mgodi wa malasha, nenani zimenezi popereka madzi kwa oyeza, kuti adziwe chofufuza.

Tizilombo ta kolera ndi kutsegula m'mimba sitioneka ndipo sitimveka pakamwa. Zimbudzi, makola ndi manda zikhale kutali mamita osachepera 30, ndiponso kumunsi kwa mjigo, osati kumtunda kwake. Simenti ikang'ambika kapena ngalande ikatsekeka, madzi akuda amabwerera m'dzenje lomwelo. Madzi osefukira akadutsa pamjigo, monga zinachitikira m'madera ambiri a Tete ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, musamwe osathira mankhwala a klorini a Certeza kapena kuwiritsa mpaka azaumoyo atathiramo mankhwala.

Pangani malamulo madzi akadalipo

Malamulo opangidwa mu Okutobala amakhala ndewu. Aitaneni anthu mu Meyi kapena Juni, atakolola, mitima ili pansi, ndipo mfumu ikhalepo pamodzi ndi a sekeretaliyo a m'mudzi. Mlembi wa komiti awerenge kope mokweza, mwezi ndi mwezi. Kenako gwirizanani zinthu zitatu.

Choyamba, ndani amayamba madzi akachepa. Kumwa ndi kuphika patsogolo, kenako ziweto, ndipo njerwa, nazale ndi kuchapa njinga zamoto zipite kudambo kapena kumtsinje. Lamulo la madzi la dziko lino, la nambala 16/91 la chaka cha 1991, lili kumbali yanu pamenepa. Limati madzi, a pamtunda ndi a pansi omwe, ndi a dziko, osati a mwini munda. Kutunga kwa pakhomo, kumwetsa ziweto ndi kuthirira kadimba kakang'ono popanda makina n'kwaulere, sikufuna chilolezo, ndipo kumaikidwa patsogolo pa ntchito zina. Wofuna kukoka madzi ambiri ndi makina pa bizinesi ayenera chilolezo cha ARA, bungwe la boma loyang'anira mitsinje ndi madzi a pansi, limene kuno anthu analizolowera ndi dzina loti ARA-Zambeze. Munthu akabwera ndi makina okumbira pafupi ndi mjigo wanu, komiti ili ndi ufulu womufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, tingaone nawo chilolezo?" Akakana, musalimbane naye. Kanenani ku SDPI, kope lili m'manja.

Chachiwiri, chizindikiro choyambitsa malamulo a chilimwe. Musasiye kuti wapampando aziganiza yekha, adzangodedwa. Nenani poyera kuti chingwe chikafika pamfundo yakuti, kapena mjigo ukayamba kupuma isanakwane 10 koloko m'mawa, tiyamba kutseka masana kwa maola awiri ndipo khomo lililonse litunga zigubu zakuti. Likatero, lamulo limachokera pa chingwe, osati pakamwa pa munthu. Muganizirenso nkhalamba, odwala, ndi nyumba imene pagwa maliro, chifukwa lamulo losadziwa maliro silikhalitsa m'mudzi.

Chachitatu, alendo a midzi ina. Kuwathamangitsa n'kovuta, ndi azibale athu, ndipo chaka china tidzawafuna. Koma apereke nawo ya kukonzetsa, ndipo ngolo za migolo zibwere nthawi yoikika.

M'komiti, amayi asakhale ongosesa pamjigo. Iwo ndi amene amadziwa kuti lero bomba yalemera kapena madzi asintha fungo. Kope loyeza likhale kwa mayi wokhala pafupi ndi mjigo, osati kwa bambo amene amapita kutauni ya Ulóngue sabata yonse.

Za ndalama, mwachidule

Chopereka cha mwezi chisaleke chifukwa bomba ili bwino. Timipira ndi mabushi a Afridev ndi zinthu zodyeka, zimafuna kusinthidwa chaka chisanathe kapena chikangotha, ndipo kuzigula zisanafunike n'kotsika mtengo kuposa kutuma munthu panjinga yamoto mjigo utafa. Msungichuma asakhale wa banja limodzi ndi wapampando. M'midzi ya m'malire, kumene ena amapereka makwacha ena mametikali, gwirizanani msanga mtengo wosinthira, chifukwa pamenepa ndi pamene ndalama zimasowera popanda wakuba. Kusunga pa M-Pesa kapena e-Mola kumathandiza, bola uthenga wa ndalama zotsala uzionetsedwa pamsonkhano.

Kope likadzaza zaka zitatu

Tsopano mukhoza kusankha chochita ndi maso. Ngati madzi amangotsika mu Okutobala ndi Novembala n'kubwerera mwakale, ndipo pepala lija likuonetsa kuti pansi pa silinda patsala malo, mmisiri akhoza kuwonjezera mapaipi n'kuitsitsa. Kumbukirani kuti Afridev inapangidwira kukoka madzi mpaka pa mamita 45. Kupitirira apo imalemera, ndodo zimaduka, ndipo pamafunika bomba ya mtundu wina. Ngati madzi akuchepa koma m'zitsime zoyandikana simunasinthe kanthu, mwina dzenje ladzaza matope ndipo likufuna kuuziridwa ndi makina. Ngati zitsime zonse za m'dera zikutsikira limodzi chaka ndi chaka, mjigo wachiwiri pafupi ndi woyamba sudzathandiza, adzangolandana madzi omwewo. Pamenepo nkhani yakula kuposa mudzi umodzi: makomiti onse a m'mbali mwa dambolo akhale pansi pamodzi ndi eni mabomba a m'madimba, agawane maola, ndipo nkhaniyo ikwere ku bwalo la alangizi la kwa chefe do posto, mkulu wa boma wa dera lanu.

Ndipo wina akabwera ndi mphatso ya mapanelo ndi thanki kuti aike pamjigo wanu, musayambe ndi nthungululu. Mufunseni ngati ayamba wapopa dzenjelo maola ambiri motsatizana m'chilimwe kuti aone mphamvu yake, chifukwa dzenje lokwanira bomba ya manja silikhala lokwanira bomba ya magetsi nthawi zonse. Mupempheni asiye kabowo pamutu pa mjigo kolowetsera chingwe choyezera, aikenso mita yowerenga madzi otuluka. Manambala a mitayo apite m'kope lomwelo, tsiku loyamba la mwezi, m'mawa anthu asanatunge.